Chingwe cha Mbuzi ndi Waya wa Njovu: Kodi Mtendere wa Kumudzi Uli M'kutsekera Nyama?

Munthu wa kumudzi sakhala yekha pakhomo pake. Pakhonde pamagona galu, kuseri kwa nkhokwe kumabisala mphaka, nkhuku zimapalasa kudzala, mbuzi zimalira kukhola. Palinso zina zimene iye sanaziitane: makoswe, kabawi, njoka, apusi ndi afisi. Amene ali m'malire a nkhalango zotetezedwa kapena m'mbali mwa Shire amawonjezerapo njovu, nguluwe, mvuu ndi ng'ona. Kale zonsezi zinkakwanirana chifukwa malo analipo. Pa kalembera wa 1966 Amalawi anali pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 anali atapitirira 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 aliwonse anali kumidzi. Dziko lokha silinakule. Dambo limene linali msipu lasanduka madimba, ndipo tchire limene linkalekanitsa mudzi ndi nkhalango lasanduka munda wa fodya kapena soya.

Kupanikizana kumeneku ndiko kwabala mtsutso umene umamveka m'mabwalo a mafumu, m'misonkhano ya alangizi ndi m'maofesi a zanyama. Ena akuti nthawi yokhala mosakanikirana ndi nyama inatha: chiweto chilichonse chizikhala m'khola chaka chonse, galu asamachoke pakhomo, ndipo chilombo chachikulu chilichonse chizikhala kuseri kwa waya wamagetsi. Ena akuti olankhula chomwechi sanamwetepo udzu wa mbuzi mu Okutobala, ndipo mpanda umatsekera wosauka kunja kuposa momwe umatsekera nyama mkati. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zolemera.

Amene akuti titseke

Ovomereza kutsekera amayambira pa mbuzi, chifukwa ndiyo imadanitsa anthu kwambiri pamudzi. Mwambo wodziwika ndi wakuti mbewu zikamera amfumu amalengeza kuti mbuzi zimangidwe, ndipo anthu akakolola zimamasulidwa kuti zikadye mapesi. Zinkatheka pamene ulimi unali wa dzinja lokha. Lero munda sukhala wopanda kanthu. Ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba nandolo amakhala m'munda mpaka Ogasiti kapena Seputembala, chimanga chitalowa kale m'nyumba. Chinangwa chimagonera chaka. M'madimba mumakhala tomato, mpiru, anyezi ndi chimanga chachiwisi pa nthawi yomweyo imene mbuzi zamasulidwa. Mlimi amene wamvera alangizi n'kuphimba nthaka yake ndi mapesi amapeza kuti wayalira chakudya ziweto za eni. Mbande za mitengo zimene timabzala ndi nyimbo ndi malankhulidwe mu Januwale, zambiri sizifika chilimwe. Kumasula mbuzi, akutero iwo, ndi kulola munthu kunenepetsa chuma chake ndi thukuta la mnzake, ndipo kawirikawiri wodyeredwayo ndi amene alibe ngakhale kambuzi kamodzi.

Amawonjeza kuti khola limapindulira mwini wake yemwe. Khola la m'mwamba, loyalidwa ndi timitengo totalikirana pang'ono, limagwetsa manyowa pamalo amodzi, ndipo pa mtengo umene feteleza wafika masiku ano manyowa ndi ndalama. Mbuzi yogona pouma sidwala ziboda, fisi saifikira msanga, ndipo wakuba amavutika nayo. Mbuzi yongoyendayenda imamwaza manyowa m'misewu ndi kumanda, kenako n'kugundidwa ndi galimoto kapena kukwezedwa panjinga ya munthu wosadziwika.

Pa nkhumba mfundo yawo imakula, chifukwa apa nkhani ndi ya matenda. Chigodola chilibe mankhwala, ndipo chikalowa m'mudzi momwe nkhumba zimayenda mwaufulu chimasesa makola onse m'masabata ochepa. Nkhumba yoyendayenda imadyanso chimbudzi cha anthu kutchire, n'kutengamo mazira a nyongolotsi imene imabala timibulu toyera m'nyama. Wodya nyama yotero isanapse bwino amakhala ndi nyongolotsiyo m'mimba, ndipo mazira ake akalowa m'thupi la munthu kudzera m'madzi, m'zakudya kapena m'manja osasamba, amatha kukakhazikika muubongo n'kuyambitsa khunyu. Unyolo wonsewu umaduka ndi zinthu ziwiri zokha: chimbudzi pakhomo ndi nkhumba m'khola. Kuchigwa cha Shire alimi a ng'ombe amadziwanso zimene zimachitika ng'ombe zikamwera limodzi ndi njati: matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka, boma limatseka misika ya ziweto ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo bambo amene amadalira kugulitsa mthenu kuti alipire fizi ya mwana amasowa mtengo wogwira.

Galu naye sakumusiya. Galu wa kumudzi amadya mkute ukatsala, ukapanda kutsala amakadzifunira yekha. Usiku amayenda ndi anzake m'magulu, amalumana, amakumana ndi nkhandwe, ndipo m'mawa amabwerera kudzasewera ndi ana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Pafupifupi 40 mwa olumidwa 100 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibe chipatala chimene chingapulumutse munthuyo. Kodi ufulu wa galu woyenda mudzi wonse ungafanane ndi moyo wa mwana?

Koma mfundo yawo yaikulu ili kwa njovu. Amene sanaonepo munda umene njovu zagonamo sangamvetse mkwiyo wa anthu a m'malire. Kukacha mumapeza mapesi atagona mbali imodzi, mizere itaphwasuka, mapazi akuluakulu atazama m'dothi lonyowa, ndowe zikufuka nthunzi zili ndi njere za chimanga chosagayika. Maungu aphwanyidwa, nthochi zang'ambidwa pakati kuti zidyedwe mtima. Njovu imodzi yaikulu imatha kudya makilogalamu pafupifupi 150 patsiku, ndipo siziyenda imodziimodzi. Banja limene lachezera miyezi inayi pachilindo, kukoleza moto ndi kumenya zitini, limataya chakudya cha chaka chonse usiku umodzi umene tulo tinawagonjetsa. Zikazolowera, zimafika mpaka pamudzi n'kugwetsa nkhokwe kapena kuboola khoma la nyumba momwe mwasungidwa matumba.

Apa ovomereza amatchula Majete. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 njovu za kumeneko zinali zitatha ndi opha nyama mozemba. Mu 2003 bungwe la African Parks linagwirizana ndi boma kuti liziyendetsa malowa, ndipo linawazunguliza ndi waya wamagetsi. Zipembere zinabwerera chaka chomwecho, njovu zinayamba kubwera mu 2006, mikango mu 2012. Nkhalango imene inali chete tsopano ili ndi zilombo zonse zikuluzikulu, pomwe midzi yozungulira ikupitiriza kulima. Mu 2009, njovu 83 za ku Phirilongwe m'boma la Mangochi, zimene zinkakhala pakati pa midzi popanda chotchinga n'kumapha anthu, zinasamutsidwira ku Majete komweko. Ku Liwonde, kumene bungwe lomwelo linalowa mu 2015, mpanda watsopano unachepetsa kwambiri kutuluka kwa njovu kupita m'midzi ya Machinga ndi Balaka, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinachotsedwa ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota.

Kenako amaloza ku Kasungu. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde. Mpanda sunali utazungulira nkhalango yonse, ndipo malire a kumadzulo, oyang'anana ndi Zambia, ndi otseguka. Pasanapite nthawi, malipoti a minda yowonongedwa ndi anthu ophedwa anayamba kumveka mbali zonse ziwiri za malirewo. Kwa ovomereza, kusiyana kwa Majete ndi Kasungu kukutha mtsutso wonse: pali waya anthu amagona, popanda waya amalira maliro.

Amene akuti ayi

Otsutsa sakana kuti mbuzi imadya nandolo kapena kuti njovu imapha. Funso lawo ndi lakuti: chiweto chikatsekeredwa, adye chiyani, ndipo akachitengere ndani? Nkhuku ya chikuda ndi chuma cha wosauka chifukwa chakuti imadzidyetsa yokha. Imapalasa chiswe, ziwala, njere zotayika pamtondo, ndipo mwini wake amangoponyako madeya pang'ono. Mlendo akafika pali ndiwo, mwana akadwala pali ndalama ya thiransipoti. Mukaitsekera, muyenera kuigulira chakudya, ndipo banja limene chimanga chake chimatha mu Disembala silingagawane ndi nkhuku. Lamulo loti ziweto zonse zikhale m'khola, akutero iwo, ndi lamulo loti osauka asiye kuweta.

Chimodzimodzi mbuzi. Yang'anani mbuzi yomangidwa m'dzinja: chingwe chapakhosi kapena chamwendo chapekesa ubweya mpaka chilonda, pozungulira chikhomo padyedwa mpaka dothi, yadzikulunga pachitsa moti singafike pamthunzi, mvula ikuivumbwa, ndipo idikira mpaka ana aweruke kusukulu kuti aisunthe. Miyezi ya dzinja, pamene msipu uli ponseponse, ndiyo miyezi imene mbuzi zambiri zimaonda ndi kudwala njoka zam'mimba, chifukwa zimadya pamalo amodzimodzi pomwe zikuchitira ndowe. Zimadzanenepa zikamasulidwa. Kuti izikhala m'khola chaka chonse pafunika nsenjere, masamba a lukina kapena gilisidiya, zotsalira za mtedza zosungidwa bwino, ndi madzi otungidwa tsiku ndi tsiku. Munthu wa munda wosakwana ekala adzabzala pati nsenjere? Ndipo pamudzi aliyense akudziwa amene adzasenze mtolo wa udzu ndi ndowa ya madzi: mayi, amene ali kale ndi nkhuni, mtondo, dimba ndi mwana kumsana, kapena mwana wasukulu amene adzajomba.

Otsutsa amatinso khola si mankhwala. Chitopa chimapha nkhuku zotsekeredwa ngati momwe chimaphera zoyendayenda. Chimalowa ndi nkhuku yogulidwa pamsika kapena yolandira mphatso, makamaka m'miyezi yotentha. Chimene chimachigonjetsa ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi inayi iliyonse. Kachilombo ka chigodola kamasungidwa ndi nkhufi, zimene zimabisala m'ming'alu ya makoma ndi mitengo ya khola lenilenilo, ndipo kamayendanso ndi nyama ya nkhumba yodwala imene mwini wake waipha msanga kuti asaluze. Ngakhale chiwewe sichinachepe ndi tcheni. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies linayamba mu 2015 kubaya agalu katemera khomo ndi khomo, oposa 30,000 pa kampeni yoyamba, ndipo chiwerengero cha ana ofika ndi chiwewe kuchipatala cha Queen Elizabeth chinatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. Agaluwo anapitiriza kuyenda m'makwalala a Ndirande ndi Bangwe monga kale.

Galu wa kumudzi alinso pantchito. Ndiye amauwa fisi akayandikira khola, amathamangitsa apusi m'munda, amachenjeza za wakuba. Womangidwa usana ndi usiku amasanduka wolusa, ndipo tsiku limene wadula chingwe ndiye amaluma. Mphaka sungamutsekere n'kuyembekeza kuti makoswe achoke m'nkhokwe. Palinso zilombo zimene timazida pachabe. Kadzidzi akalira padenga anthu amamugenda poganiza za ufiti, chonsecho banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe ndi mbewa usiku uliwonse popanda kulipidwa. Njoka zambiri za m'munda zilibe ululu woopsa ndipo zimagwira ntchito yomweyo. Amene akufuna pakhomo popanda chamoyo china koma chimene wachitsekera adzapeza kuti wasiyira bwalo makoswe.

Pa za waya wa m'nkhalango, otsutsa amakumbutsa mbiri. Malo ambiri otetezedwa anali ndi eni ake. Pamene Nyika inakulitsidwa mu 1978, anthu ambiri anasamutsidwa m'midzi yawo, ndipo pali mabanja ozungulira nkhalango zina amene manda a makolo awo ali mkati. Kwa zaka zambiri nkhalango ndiyo yakhala ikupereka udzu wofolera, nkhuni, bowa, masuku, mankhwala, uchi, ndiponso ku Kasungu matondo amene amayi amagulitsa. Waya akadutsa, zonsezi zimafuna chilolezo ndi tsiku loikika, pomwe mlendo wa kamera amalowa tsiku lililonse bola walipira pachipata. Anthu akaona kuti mpanda wawalanda zambiri kuposa zimene wawapatsa, amaudula. Waya yemweyo amasanduka misampha imene imakola agwape ndi kudula chitamba cha njovu, ndipo njovu yovulala ndiyo yoopsa koposa.

Mpanda umafunanso ndalama zosatha. Udzu uyenera kulambulidwa m'munsi mwake, mabatire ndi masola asabedwe, mtengo ukagwerapo ukonzedwe tsiku lomwelo, mitsinje ikasefukira amangenso. Njovu zina zimaphunzira kugwetsa mizati kapena kukankhira mtengo pawaya. Majete ndi Liwonde zikukwanitsa chifukwa kuli thandizo la ndalama zakunja; likadzaphwa, ndani adzayende makilomita onsewo m'mawa uliwonse? Nyama zotsekeredwa zimaswananso mpaka malo kuchepa, ndipo n'chifukwa chake zimakwezedwa m'malole kupita kwina, kumene vuto limakayambiranso.

Pomaliza amafunsa: ndi zilombo zingati zimene waya amaziletsa? Anyani ndi apusi amalumpha. Nguluwe imakumba pansi. Kashembe, amene amafalitsa kaodzera kufupi ndi Nkhotakota, Vwaza ndi Kasungu, amauluka. Afisi amene amagwira mbuzi, nthawi zina ndi ana, ku Dedza ndi Ntcheu amakhala m'mapanga a m'mapiri, kutali ndi nkhalango iliyonse yotetezedwa, ndipo ena amakhala mumzinda wa Lilongwe momwe. Ng'ona ndi mvuu zili mu Shire yense. Mu 2023 mvuu inagubuduza bwato ku Nsanje anthu n'kumira. Simungamange mpanda pamtsinje umene anthu amamwa, kuchapa, kuwedza ndi kuwoloka. Kumeneko chothandiza ndi mjigo kumtunda, mlatho, ndi madooko otchingidwa. Kwa njovu nako pali njira zina zoyeserapo: nsalu zopakidwa tsabola ndi oilo wakale, utsi wa ndowe zosakaniza ndi tsabola, kapena ming'oma ya njuchi yolumikizidwa ndi waya kuzungulira munda, njira imene Lucy King anaiyesa ku Kenya ataona kuti njovu zimathawa njuchi.

Pomwe mbali iliyonse ikuterereka

Ovomereza amalankhula ngati nyama zonse n'zofanana. Nkhuku yopalasa pabwalo la mnzako ndi njovu yolowa m'munda si mlandu umodzi, ndipo lamulo limodzi la zonse lingapweteke wosauka popanda kupulumutsa aliyense. Amaiwalanso kuti zambiri zimene akuti ndi phindu la khola ndi phindu la katemera, chimbudzi ndi ukhondo.

Otsutsa nawo ali ndi pofooka. Ponena kuti wosauka sangakwanitse kudyetsa mbuzi m'khola, amaiwala kuti dimba limene mbuziyo yadya ndi la wosauka mnzake, mwina mayi wamasiye amene amathirira kuyambira mbandakucha. Tsabola ndi njuchi zimathandiza pamunda umodzi, koma njovu imangopatukira kumunda wa woyandikana naye, ndipo m'chaka cha chilala njuchi zimathawa m'ming'oma pa nthawi imene njovu zili ndi njala. Kuuza banja la ku Kasungu kuti liphunzire kukhala mwamtendere ndi njovu n'kosavuta ukakhala kuti usiku ukagona m'nyumba ya njerwa ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe. Pomwe minda yafika pamzere weniweni wa nkhalango, palibe njira imene yaonetsa mphamvu yoposa waya wosamalidwa bwino.

Maganizo anga

Mtsutsowu umatalika chifukwa timakangana za mpanda m'malo mokangana za mwini nyama. Pamudzi funsoli linayankhidwa kalekale. Mbuzi ikalowa m'munda, mwini munda amaigwira n'kupita nayo kwa amfumu. Nduna zimakaona mapesi odyedwa, mwini mbuzi amaitanidwa, amalipira chindapusa ndi chimanga chimene chawonongeka, kenako amatenga mbuzi yake. Palibe amene amauza mwini munda kuti akanayenera kugona m'munda kapena kuti mbuzi ndi chuma cha mudzi wonse. Chifukwa chakuti mwini mbuzi akudziwa kuti adzalipira, amadzisankhira yekha chochita: kumanga, kutuma mbusa kapena kukonza khola. Amfumu salamula mtundu wa chingwe.

Nyama zakutchire nazo zili ndi mwini. Lamulo la 1992 loyendetsera nkhalango ndi nyama zakutchire limaika umwini wa nyama iliyonse yakutchire m'manja mwa Pulezidenti, m'malo mwa Amalawi onse. Litakonzedwanso mu 2017, wopezeka ndi mlandu waukulu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu ndi chipembere, akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Chilango chimenecho n'choyenera, pakuti malonda a minyanga anatsala pang'ono kutimalizira njovu. Koma lamulo lomwelo silikakamiza boma kupereka chipukuta misozi kwa amene njovu yamudyera munda kapena kumuphera m'bale. A gemu amabwera kudzathamangitsa, nthawi zina kuwombera nyama imene yavuta, kenako amabwerera. Munthu akapha njovu mwini wake amapezeka tsiku lomwelo. Njovu ikapha munthu, imakhala ngati ilibe mwini.

Ena adzati anthu ozungulira nkhalango amapindula kale: gawo la ndalama zolowera pachipata limapita ku mabungwe awo, ndipo pamangidwa midadada ya sukulu ndi mijigo. N'zoona, ndipo n'zabwino. Koma mjigo ndi wa mudzi wonse, pomwe munda wodyedwa ndi wa banja limodzi. Ana a banja limenelo sadzadya mdadada wa sukulu mu Febuluwale.

Ena adzati chipukuta misozi chidzabala chinyengo ndipo boma lilibe ndalama. Ku Kenya lamulo la 2013 linaika mashilingi 5 miliyoni kwa banja la munthu wophedwa ndi chilombo, ndipo mabanja ambiri akhala akudikira zaka asanalandire. Phunziro la kumeneko ndi lakuti tisalonjeze zimene sitingathe, ndipo thumba la ndalamazo likhale pafupi ndi nkhalango, lisadikire likulu. Gawo loikika la ndalama za alendo ndi la thandizo la mabungwe osamalira nyama likhoza kusungidwa padera pa ntchito imeneyi. Mlangizi wa zaulimi, nyakwawa ndi wa gemu akhoza kuyeza munda limodzi pasanathe masiku atatu, ndipo malipiro akhoza kukhala matumba a chimanga m'malo mwa ndalama. Mudzi umene anthu ake adula waya ukhoza kuimitsidwa kulandira mpaka wodulayo atapezeka. Zikatero aliyense ali ndi chifukwa chosamalira mpanda, ndipo amene akuyendetsa nkhalango ali ndi chifukwa choukonza usiku womwewo, poti kuchedwa kuli ndi mtengo. Walira mvula walira matope: dziko limene likufuna ndalama za alendo odzaona njovu livomerenso ngongole za njovuzo.

Muyezo womwewo ubwerere pakhomo. Nkhumba ikhale m'khola nthawi zonse, chifukwa zimene imafalitsa sizilipirika ndi chindapusa. Mbuzi ndi ng'ombe zizikhala ndi mbusa kapena khola kulikonse kumene kuli madimba, nandolo ndi mbande, ndipo midzi ikonzenso malamulo ake kuti mlandu wa mbewu ukhale mlandu chaka chonse, usamathe ndi kukolola chimanga. Nkhuku zisiyeni zipalase, bola zilandire dontho lawo ndipo anapiye avundikiridwe kabawi asawatole. Galu ayende, koma mwini wake azimudyetsa, azimubayitsa chaka chilichonse, ndipo akaluma mwana wa mnzake alipire ulendo wa kuchipatala, balalo litatsukidwa kaye ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mphekesera yakuti galu wobayidwa amasiya kusaka kapena kulondera ilibe umboni, ndipo yaika ana ambiri pachiswe. Kadzidzi ndi njoka ya m'munda, zimene sizidya za munthu, tizisiye.

Choncho pa funso lakuti titseke kapena ayi, ine ndikuti titseke zimene kuwononga kwake sikubwezeka, zina zonse tiziyang'anire, ndipo mtolo wa zonsezi usenzedwe ndi mwini nyama, kaya ndi mlimi wa mbuzi zitatu kaya ndi boma. Lole ina ya njovu isanadzanyamuke kupita kunkhalango ina iliyonse, mpanda ukhale utatha, midzi ikhale itafunsidwa, ndipo aphungu akhale ataika m'lamulo amene adzalipire munda woyamba kudyedwa.